Kamtedza Ayeza Mashelefu a Amayi

Kamtedza anali mtsikana wamng'ono. Iye ankafuna chinthu chimodzi. Ankafuna kuti msana wa amayi ake usiye kupweteka.

Banja lawo linali litangolowa m'nyumba yatsopano. M'khitchini munalibe mashelefu. Mapoto anali m'katoni. Mbale zinali m'katoni. Makapu anali m'katoni. Amayi akafuna supuni, ankawerama. Akafuna mchere, ankawerama.

"Mayo, msana wanga!" ankatero amayi.

Loweruka m'mawa amayi anapita kuntchito. Abambo anaitana Kamtedza.

"Lero tikhoma mashelefu," ananong'ona abambo. "Amayi ako akafika madzulo, adabwe!"

Kamtedza anadumpha. Anaomba m'manja. Anadumphanso.

"Odi kuno!"

Anali amalume ake. Amalume anali kalipentala. Anabwera ndi matabwa. Anabwera ndi nyundo ndi misomali. Pensulo inali pakhutu.

Abambo anali aatali. Amalume anali aatali kwambiri. Amalume anakweza dzanja. Analemba mzere pakhoma ndi choko.

"Apa mbale," anatero amalume.

"Pali bwino, alamu," anayankha abambo. "Ndikufikira mosavuta."

Amalume analemba mzere wina.

"Apa makapu. Uko kuchitseko, mchere."

"Pali bwino, alamu. Bweretsani misomali."

Kamtedza anayang'ana m'mwamba. Mizere inali kutali. Khosi lake linatopa.

"Ababa, dikirani!" anafuula Kamtedza. "Amayi safikira pamenepo. Amayi ndi aafupi."

Abambo anakanda kumutu. Kenako anagwira phewa lawo.

"Amayi ako amandilekeza apa."

"Ayi, alamu," anaseka amalume. Iwo anagwira pamimba. "Apa! Mlongo wanga ndimamudziwa. Ndi wamfupi ngati ketulo."

"Apa!" anatero abambo.

"Apa!" anatero amalume.

Kamtedza anathamangira kuchipinda. Anabwera ndi kampando kake kobiriwira. Anakwerapo.

"Taonani," anatero. "Ndikakwera apa, ndimalingana ndi amayi. M'mawa uliwonse timayesa. Mphuno yanga imagunda mphuno yawo."

Abambo anayang'ana amalume. Amalume anayang'ana abambo.

Kamtedza anavala epuloni ya amayi.

"Lero amayi ndine!"

Anakweza dzanja. Sanafikire mzere wa mbale.

"Tsitsani, amalume."

Amalume anafufuta mzere. Analemba wina m'munsi. Kamtedza anakweza dzanja. Sanafikirebe.

"Tsitsaninso, amalume."

Amalume anatsitsanso. Kamtedza anakweza dzanja. Chala chake chinagunda choko.

"Basi, apa!"

"Chabwino, abwana," anatero amalume.

Kamtedza anakokera kampando pa mbaula. Anakwerapo. Anatenga poto wopanda kanthu. Anayamba kuphika mongoyerekeza.

"Mchere, mchere! Mchere uli kuti?"

"Uli uko kuchitseko," anayankha abambo.

"Kwatalika, ababa! Chakudya chipserera. Mchere ukhale pafupi ndi mbaula."

Amalume anafufuta mzere wa kuchitseko. Analemba wina pafupi ndi mbaula.

Kamtedza anakokera kampando pa sinki. Anakwerapo. Anatsuka mbale mongoyerekeza.

"Mbale zikhale pafupi ndi sinki. Makapu akhalenso pafupi ndi sinki."

"Nanga chipoto chachikulu ichi?" anafunsa abambo.

Kamtedza anayesa kuchinyamula. Chinali cholemera.

"Chisakhale pamwamba. Chingawagwere amayi. Chisakhale pansi. Amayi angawerame. Chikhale pakati."

"Pakati, abwana!" anatero amalume.

Tsopano ntchito inayamba. Abambo anagwira thabwa. Amalume anakhoma msomali. Kho! Kho! Kho! Anakhoma wina. Kho! Kho! Kho!

Mashelefu anatha. Kamtedza anapukuta fumbi. Anaika mbale. Anaika makapu. Anaika mchere ndi shuga. Abambo anaika chipoto pakati. Amalume anatulutsa makatoni panja.

Dzuwa linapendeka. Kamtedza anasuzumira pawindo.

"Amayi akubwera! Amayi akubwera!"

Kamtedza anayang'ananso mashelefu. Kodi amayi afikira? Nanga ngati walakwitsa? Misomali inali italowa kale.

Amayi analowa m'khitchini. Anaima. Anagwira pakamwa.

"Aa! Kodi ndalowa m'nyumba ya eni ake?"

"Ndi yanu, amayi! Tatengani kapu."

Amayi anakweza dzanja. Anatenga kapu. Sanakwere pampando.

"Tatengani mchere."

Amayi anatenga mchere. Sanasunthe phazi.

"Tatengani chipoto."

Amayi anatenga chipoto. Sanawerame.

"Koma abale!" anatero amayi. "Anandiyeza ndani, ine kulibe?"

Abambo analoza Kamtedza. Amalume analozanso Kamtedza.

"Ife tikanakhoma kudenga, achemwali," anaulula amalume. "Mukanamaphika ndi makwerero."

Onse anaseka. Amayi anaseka mpaka misozi. Kenako anatereka madzi a tiyi. Anatenga makapu anayi pa shelefu yatsopano.

Amalume anamwa tiyi wawo. Anapukuta ndevu.

"Abwana," anatero, "Lolemba ndikakhoma mashelefu kunyumba ina. Tipitire limodzi. Mukandiyezere."

Kamtedza anapukusa mutu.

"Pepani, amalume. Ine ndimayeza amayi anga okha."

Amayi anamunyamula. Anamukumbatira mwamphamvu.