Galimoto Yokana Kuuma

Madzi amathawa mphepo, zimenezi ngakhale mwana amadziwa. Koma Lachitatu madzulo, pamalo otsukira magalimoto a Amock pa Rumphi boma, a Harold anaona madontho akukwawa chobwerera, kulunjika kumene mphepo ya bulowa, makina oumitsira galimoto, inkachokera.

A Harold anali mphunzitsi wochokera ku Ntcheu, mkulu wa mpingo, munthu wokonda Sienta yawo yoyera kuposa mmene ena amakondera akazi awo. Sankalola kansanza kuikhudza, ati kamakanda penti. N'chifukwa chake ankapita kwa Amock, amene ankaumitsa galimoto ndi makina opemerera mphepo. Ndipo Loweruka galimotoyo inayenera kunyamula mwana wawo Angella kupita kutchalitchi kukamangitsa ukwati.

Amock anapemerera denga, matayala ndi m'makona a magalasi, ponse panauma gwa. Koma m'munsi mwa chitseko chakumbuyo madzi ankangotuluka, ofiirira, onunkha matope.

"Adada, galimoto iyi inalowapo m'madzi?"

A Harold anakana, ndipo sananame. Chimene sananene n'chakuti sabata yapitayo ananyamuliramo mtembo wa bambo wina amene anamira m'nyanja ya Kazuni. Atautsitsa kumudzi, abale a malemuyo anabwera ndi beseni la madzi a masamba kuti awaze galimotoyo isanachoke, monga ankachitira pamudzipo. A Harold anawakaniza mwaulemu. Mkulu wa mpingo sawazidwa masamba, komanso ankaopera penti.

Lachinayi anabwereranso mdima ukuyamba kugwa, achule akulira kumtsinje. Ulendo uno madontho anali m'kati mwa galasi, chikhalirecho magalasi onse anali otseka. Amock anatsegula chitseko n'kulozetsa bulowa pampando wakumbuyo. M'mphepete mwa mpandowo munatuluka mchenga wonyowa ndi tizigoba ta nkhono, n'kumwazikira pa nsapato zawo. Amayi ogulitsa tomato patsidya pa msewu anayamba kulongedza. Zinali zitamveka kale kuti galimoto ya aphunzitsi imasiya chithaphwi paliponse pamene yaima.

"Adada," ananong'ona Amock, "ine ndatsukapo magalimoto ambiri chomene, ngakhale onyamula maliro. Umu muli munthu. Bwererani kumene munamusiyako akakuwazireni."

"Iwe Amock, unapitako kusukulu iwe. Yabooka ndi paipi ya eyakoni."

Lachisanu madzulo, Amock ali m'kati mopemereranso galimotoyo, magetsi anathima. Bulowa inalira motsika mpaka kukhala chete, dera lonse kuda bii. Koma kupemerera sikunathe. Kunkachokera m'galimoto, pang'onopang'ono, mophukira thovu, ngati munthu amene wamwa madzi ambiri akuyesa kupuma. Amock anayatsa tochi ya foni. Galasi lakumbuyo linkachita nthunzi, n'kuyera, n'kuchitanso nthunzi.

Amock anaika makina ake pansi. "Yewo, adada. Musabwerenso nayo kuno."

A Harold anagwidwa ndi mantha enieni. Koma ku Kazuni kunali kutali, msewu woipa, alendo a ku Ntcheu atadzaza kale pakhomo. Nanga abusa akanawauza kuti apita kukatani? Anaiyendetsa kubwerera kunyumba osayang'ana pagalasi loonera kumbuyo, napemphera mpaka mawu kusasa.

Loweruka kunacha galimoto ili youma, yonyezimira, mpando wakumbuyo wofunda bwino. A Harold anausisita ndi dzanja, mtima unakhala pansi, mpaka anadziseka. Anaimanga maliboni, napereka makiyi kwa mlamu wawo, iwo n'kutsogola kukadikira mkwatibwi pakhomo la tchalitchi.

Galimoto itafika, nthungululu zinayamba, kenaka zinazima imodziimodzi. Angella anatsika diresi lake loyera litanyowa mbali imodzi, lofiirira kuyambira paphewa mpaka pabondo. Nkhope yake inali yokhumudwa, osati ya mantha.

"Adadi, abambo aja munatikweza nawo ndi achibale a kuti? Njira yonse osayankhula, amangonditsamira paphewa. Taonani diresi langa."

A Harold anasuzumira pampando wakumbuyo. Panalibe munthu.

"Atsika kale," anatero Angella akufinya velo. "Potsikapo angoti akandidikira kunyumba."