Mwini Mbumba wa ku Mbizo

Ku Mbizo, komboni yaikulu ija ya ku Kwekwe, njala ili ndi nyengo yake. Imafika mu Januwale, chimanga chikadali chanthete m'munda, matumba a chaka chatha atakutumulidwa kale. Amene ali ndi kumudzi, kumusha monga anenera anzathu Achishona, amangotumiza mawu ku Zhombe kapena ku Silobela, thumba n'kubwera pa denga la kombi, minibasi ya kuno. Gedion analibe kotumiza mawu. Bambo ake anachokera ku Dedza kudzakumba mgodi, ndipo anagona m'manda a pamgodi pomwepo. Anamusiyira Chichewa cha zigamba ndi mlongo wake mmodzi, Noria.

Mgodi utatsekedwa, Gedion anatsala manja lende. Mkazi wake anapita ku Joni kukasaka ntchito osabweranso, ndipo mwana analibe. Ankalima kamunda kumapeto kwa komboni, pansi pa mawaya a magetsi. Moyandikana naye ankalima Noria, mayi wamasiye wa ana awiri aakazi, Tinevimbo ndi kamng'ono kake Anesu. Noria ankadzala mapira ndi khobwe, poti izi zimapirira dzuwa la kuno. Gedion ankaumirira chimanga, ndipo chaka ndi chaka chinkapserera chisanamasule.

Chinkamuwawa kwambiri si njala ayi, koma Praymore, mnansi wake wa kuseri kwa mpanda. Thumba likatsika pa kombi, Praymore ankafuula dala, akumuitana ndi dzina lachipongwe limene kuno amatchulira anthu a ku Malawi.

"Ko iwe Bhurandaya, lako lochokera ku Malawi lifika liti? Kapena basi yake inafera pa malire a Nyamapanda?"

Anthu n'kuseka, Gedion naye n'kuseka. Chaka china njala itakula, mpingo unagawa ufa. Gedion anaima pamzere pakati pa nkhalamba, ndowa ili m'manja, mwamuna wamphumphu wa ndevu zake. Praymore anadutsa pa njinga n'kumuimbira belu. Tsiku limenelo Gedion anachita manyazi mpaka ufawo sunamukomere.

Mu Okutobala, dzuwa lili paliwombo, anayenda ulendo wa ku komboni ya mgodi wina wakale, kumene nyumba zambiri zinasasuka madenga ndipo ponseponse pali maenje a okumba golide. Kumeneko kunkakhala Madala Sande, sing'anga amene anabwera kuno adakali mnyamata. Anamupeza atakhala pa chitini, akusenda nzimbe ndi kampeni kakuthwa.

Gedion anayamba kufotokoza, mawu awiri a Chichewa, atatu a Chishona. Nkhalamba ija inamuyang'ana kuyambira kumapazi.

"Iwe, ukulankhula chiyani? Bambo ako atamva Chichewa chimenechi angatembenuke m'manda. Kaya. Ukufuna golide ngati anzako?"

"Ayi, Madala. Ndikufuna chimanga. Ndikufuna anthu azibwera pakhomo panga ndi ndowa."

"Eya! Ndiye sukufuna kukhuta. Ukufuna kupemphedwa."

Madala Sande analowa m'nyumba n'kutuluka ndi kansupa kakuda bii, ndi chisononkho cha chimanga cha maso ofiirira.

"Awa ndi mankhwala a mfumba. Maso awa ukadzale m'makona a munda. Nsupayi ukakwirire pamene uzisungira chimanga. Koma undimvetse. Mankhwalawa salenga kanthu, amakoka. Chodzaza kwa iwe chimakhala chachoka kwina."

"Chichoke kwa Praymore!"

Nkhalamba inaseka, nkhama zokhazokha.

"Mankhwala angawa sadziwa njira ya kwa alendo. Amayenda m'magazi. Azidya pa mbale ya mbumba yako."

Gedion anapisa dzanja m'thumba, koma Madala Sande anapukusa mutu.

"Bweza zimenezo. Ine ndafunsa mbumba. Ukuipereka?"

Inu amene munayamwa Chichewa mukudziwa kuti mbumba ya mwamuna ndi alongo ake pamodzi ndi ana awo, anthu amene iye amawaimirira pa ukwati, pa mlandu ndi pa maliro. Koma Gedion anakulira pakati pa anthu amene amawerengera mtundu kuchimuna. Iye ankayesa mbumba ndi chimene anzake amati mhuri, mkazi wako ndi ana obereka wekha. Mkazi anathawa, mwana palibe. Mumtima anati, nkhalamba iyi ndaipusitsa, ndikuipatsa dengu lopanda kanthu.

Komabe kamtima kena kanamuuza kuti afunse. Anatsegula pakamwa, n'kuona maso a nkhalamba ija akumudikira kuti alakwitsenso.

"Wamva mawu anga," anatero Madala Sande pang'onopang'ono, "kapena ndikumasulire m'chilankhulo cha anzako okuseka aja?"

Nkhope ya Gedion inatentha.

"Ndamva, Madala. Ndine Mchewa ine. Tengani mbumbayo, ndilibe nayo ntchito."

"Wanena wekha," inatero nkhalamba, n'kupitiriza kusenda nzimbe yake.

Mvula ya chaka chimenecho inagwa bwino poyamba, kenaka inadula mu Januwale. Chimanga cha anthu chinapota masamba ngati anyezi. Cha Gedion chokha chinaima chobiriwira, phesi lililonse zisononkho ziwiri. Mapira a Noria, amene sanamukanikepo chiyambire, anatulutsa ngala zooneka bwino, koma pozifikisa m'manja munkangotsala mankhusu. Noria anaima m'munda manja ali m'chiuno.

"Achimwene, nthaka ndi yomweyi, thambo ndi lomweli. Ine ndalakwanji?"

"Ndinkakuuza kuti mapira ndi a mbalame," anayankha Gedion, osamuyang'ana.

Kachipinda ka kuseri, kamene anakwiriramo nsupa, kanadzaza matumba mpaka kudenga. Ndiye chilala chinali chitavuta ku Zhombe ndi ku Silobela. Msipu unatha, madamu anauma, ng'ombe zikuyenda nthiti zili pamtunda. Eni ake anayamba kubwera nazo kwa Gedion kudzasinthanitsa ndi chimanga zisanawafere m'khola. Munthu amene analibe ngakhale nkhuku anapezeka ali ndi ng'ombe zake, akulipira malo ozisungira pa pulazi ina kunja kwa tauni. Dzina loti Bhurandaya linatha, tsopano anali Mudhara Gedion, dzina laulemu la akuluakulu. Ndipo tsiku lina m'mawa Praymore anagogoda pa geti, ndowa ili m'manja, chipewa atavula. Abale, Gedion anamusiya aime padzuwa kaye, iye akumwa tiyi pawindo.

Tisamunamizire, mlongo wake sanamumane. Anamutumizira thumba lathunthu pa wilibala, likatha ankatumiza lina. Koma chakudyacho sichinkagwira m'mimba. Ana ankadya mpaka kunyambita mbale, posakhalitsa n'kuyambanso kulira njala. Tsiku lina Tinevimbo anamugwira malaya.

"Sekuru, ndadya, koma m'mimba muli mphepo yokhayokha."

Anawo ankamutchula Sekuru monga atchulira amalume kuno, ndipo Gedion ankalikonda dzinalo. Anamugulira buledi ndi mkaka, mwana anadya zonse, koma maso anali omwe aja a munthu amene wagona ndi njala.

Tsitsi la Anesu linayamba kufiira ndi kunyonyoka, mapazi kutupa. Ku chipatala anati ndi kuperewera kwa zakudya m'thupi, n'kumufunsa Noria ngati anawo amawadyetsa. Noria anabwerera akulira ndi manyazi. Pa mpopi amayi ankanong'onezana kuti taonani, Gedion ali ndi ng'ombe, ana a mlongo wake akuuma ngati nkhuni. Noria yemweyo chitenje chinayamba kumuzungulira kawiri.

Panali chinthu chimodzi chimene Gedion anachiona koma sanauze munthu. Akagulitsa chimanga tsiku lonse, matumba ankaphwa. M'mawa ankawapeza ali ndendende, zingwe zikuchita kulira. Ndipo m'mawa umene matumba ankadzaza kwambiri, ndi umene uthenga unkabwera woti Anesu sanagone bwino. Iye ankatseka chitseko msanga n'kudziuza kuti mwana si wake, mbumba alibe, izi ndi matenda chabe.

Nyengo yachiwiri munda wake unakongola kuposa poyamba. Mu Febuluwale, chimanga chake chikumasula ngayaye, Anesu anamwalira pamsana pa mayi ake, ali pa mzere wa kombi yopita ku chipatala.

Pa maliro panadzaza anthu a mpingo, ambiri a iwo ana ndi adzukulu a anthu akwathu a m'migodi. Gedion anagula bokosi labwino, anapha ng'ombe, ndipo anakhala pa mpando wa kutsogolo atavala jekete yatsopano. Nyimbo zitatha, anaimirira a Gadi, mkulu wa mpingo, bambo wa imvi amene sanataye mwambo.

"Tisananyamule mwanayu, kwathu timayamba tamva mawu a mwini mbumba. Mwini mbumba alankhule."

Gedion anayang'ana uku ndi uku kuti aone amene aimirire. Anapeza maso onse ali pa iye.

"A Gedion, tikudikira inu."

"Ine? Pepani a Gadi, ine ndilibe mbumba. Mkazi wanga anachoka, mwana ndilibe."

Amayi ena anagwira pakamwa. A Gadi anamuyang'ana mwachisoni.

"Ha, mwana wanga! Nanga mlongo wanuyu ndi ndani? Mtsikana ali apoyo, ndi uyu wagona m'bokosiyu? Imeneyi ndiye mbumba yanu. Ana obereka inu akanakhala a kwa mkazi wanu. Anu enieni ndi awa."

Gedion anaimirira. Anayang'ana kabokosi koyera kaja, anayang'ana Tinevimbo atatsamira mayi ake, khosi lili ngati la mwanapiye. M'makutu mwake munamveka mawu ake omwe: tengani, ndilibe nayo ntchito. Anatuluka pakati pa anthu n'kuyamba kuthamanga, jekete ikukupiza.

Anamupeza Madala Sande pa chitini chomwe chija.

"Madala, simunandiuze!"

"Ndinakufunsa ngati wamva. Unati ndiwe Mchewa."

"Tengani ng'ombe zonse, tengani nyumba. Bwezani mwanayo."

"Chodyedwa sichibwerera. Kwatsala mbale ziwiri, ndipo mankhwala akadali ndi njala."

"Ndikafukula nsupayo?"

"Fukula. Awiriwo apuma. Koma zonse zimene inakoka zipita, ndipo poti yazolowera kudya, idzadya wofukulayo. Siipha msanga. Imayambira kumutu."

Pobwerera sanapite kwake. Anapita kwa Noria, anthu atabalalika, n'kugwada pa khonde ngati mwana. Anaulula zonse, za ndowa, za belu la njinga, za nsupa, za mawu amene anachita manyazi kufunsa. Noria anamvetsera osagwetsa msozi, poti misozi inali itatha.

"Mawu amodzi, achimwene," anatero. "Mukanabwera kudzandifunsa ine. Ine sindikanakusekani."

Analowa m'nyumba n'kutseka chitseko, osachimenyetsa.

Madzulo omwewo, dzuwa lisanalowe, Gedion anatenga khasu n'kuswa simenti ya m'kachipinda kaja. Nsupa anaipeza yonenepa, yofunda ngati chinthu chamoyo. Anaiphwanya ndi msana wa khasu. Pomasula thumba loyamba munatuluka fumbi ndi anankafumbwe, lachiwiri chimodzimodzi, onse mpaka kudenga. Chimanga cha kumunda chinafota sabata yomweyo. Ng'ombe zinayamba kugwa imodziimodzi, ndipo mwini pulazi anazikwirira poopa matenda.

Tinevimbo anayamba kukhuta. Atapeza mphamvu, Noria analongedza katundu n'kusamukira ku Mkoba, ku Gweru, kumene amagulitsa tomato pa msewu. Sanatsanzike, ndipo ku Mbizo sanapondekonso.

Gedion alipo mpaka lero. Mukafika pa chigayo cha ku Mbizo mudzaona bambo wa jekete yong'ambika akutola maso a chimanga ogwa pansi, limodzilimodzi, n'kumaika m'ndowa yobooka. Ikafika nthawi ya chakudya amakawasiya pa khomo la nyumba imene ankakhala Noria, ngakhale mukukhala anthu ena. Praymore yemwe uja ndi amene amamupatsa chakudya pa mpanda, ndipo belu la njinga anachotsa. Gedion salankhulanso Chishona. Aliyense wodutsa, mwana kaya wamkulu, amamugwira dzanja mwaulemu n'kumufunsa funso limodzi lokha:

"Pepani, ndifunse nawo. Kodi mbumba n'chiyani?"

Ndakufotokozerani izi kuti mudziwe kuti chuma cha mankhwala sichigwa kumwamba. Chimachotsedwa pa mbale ya munthu, ndipo kawirikawiri munthuyo ndi amene amakutchulani achimwene kapena amalume. Njala ya Januwale imatha chimanga chikacha, ndipo kuima pa mzere ndi ndowa sikunaphepo munthu. Gedion anathawa manyazi a nyengo imodzi chifukwa cha dyera lofuna kupemphedwa, n'kugula manyazi amene adzalowa nawo m'manda.