Nsapato Imodzi Pansi pa Nyanja

Kamchira ankakhala pansi pa nyanja. Anali ndi manja awiri ngati iwe. Anali ndi maso awiri ngati iwe. Koma miyendo analibe. Anali ndi mchira wa nsomba, wobiriwira, umodzi basi.

Kamchira ankakonda kutola zinthu. Ankatola zigoba. Ankatola timiyala. Ankaziika pamwala wosalala, pafupi ndi pogona pake. Koma anzake onse anali ndi zigoba. Anzake onse anali ndi timiyala. Kamchira ankafuna chinthu chimene wina aliyense analibe.

Tsiku lina m'mawa chinthu chinagwa kuchokera pamwamba. Chinatsika pang'onopang'ono. Chinali chofiira psuu, ndipo chinali ndi kachingwe. Kamchira anachiwakha. Anachikumbatira mpaka kunyumba.

Kunyumba aliyense anali ndi yankho lake. Amayi anachinunkhiza. Anati ndi mphika. Abambo anachitembenuza uku ndi uku. Anati ndi boti la tinsomba. Abambo amenewa sankanena kuti "sindikudziwa". Mawu amenewo ankawalemera pakamwa. Mng'ono wake wa Kamchira anali khanda. Anangoluma kachingwe kaja.

Kamchira anachiika pakati penipeni pa mwala. Zigoba anazikankhira kumbali. Ngakhale chigoba chake chapamtima, chamawangamawanga, chinapita kumbali. Anzake anabwera kudzaona. Onse anangoti kukamwa yasa. Kamchira anasangalala kwambiri.

Koma funso linamusowetsa mtendere. Kodi ndi mphika? Kodi ndi boti? Paja safunsa anadya phula. Masana Kamchira anasambira kupita pamwamba. Anadutsa udzu wautali. Anadutsa kamba wa m'nyanja akuwodzera. Anadutsa tinsomba tachikasu. Kenako anatulutsa mutu m'madzi.

Apo panali mlatho wa matabwa, pokocheza maboti. Pamlathopo panakhala mtsikana. Mtsikanayo ankalira. Kamchira anamuyang'ana kumunsi, ndipo anamumvera chisoni.

"Pepa, mnzanga," anatero Kamchira. "Mchira wako wang'ambika pakati. Ukukupweteka kwambiri?"

Mtsikanayo anasiya kulira. Anayang'ana Kamchira. Anayang'ana mchira wobiriwira uja. Kenako anaseka, misozi idakali m'masaya. Anati umenewo si mchira ayi, ndi miyendo. Kumapeto kwa miyendo kuli mapazi.

Kamchira anayang'ana mapaziwo. Phazi lina linalibe kanthu. Phazi lina linavala chinthu chofiira psuu, chokhala ndi kachingwe. Kamchira anachizindikira nthawi yomweyo.

Mtsikanayo anati chinthucho ndi nsapato. Amayi ake anamugulira dzulo, chifukwa mawa ayamba sukulu. Anavala kuti adzaonetse abambo ake, amene amakonza maboti. Ankagwedeza miyendo pamlatho, ndipo imodzi inavuka. Nanga mawa apita bwanji kusukulu?

Kamchira anayang'ana kumbali. Sankafuna kubweza chinthu chake chatsopano.

"Koma imodzi uli nayo," anatero motsitsa mawu. "Imodzi si yokwana?"

"Mapazi ndi awiri," anayankha mtsikanayo. "Nsapato zimayenda ziwiriziwiri."

Anaimirira kuti amuonetse. Anayenda pamatabwa motsimphina, mbali ina pamwamba, mbali ina pansi. Kamchira anadzionera yekha. Imodzi inali yosakwana. Anachita manyazi.

"Nsapato yako ili kwathu," anatero. "Usachoke."

Anamira msangamsanga. Anadutsa tinsomba tachikasu. Anadutsa kamba akuwodzerabe. Anadutsa udzu wautali. Anafika kunyumba. Koma pamwala paja nsapato panalibe.

Amayi anati mphika uja wangotuluka wokha pakhomo. Abambo anati zikudabwitsa chiyani, pajatu boti limayenda.

Kamchira anatsatira mzere pamchenga. Ndipo anaiona. Nsapato inkayendadi yokha. Pansi pake pankasuzumira timiyendo. M'katimo munali a Nkhanu, aja amakhala m'zigoba zotola.

Kamchira anagogoda pansapato. Anaodira mwaulemu. A Nkhanu anatulutsa diso limodzi. Anati nyumba yawo yakale inawathina. Ino ndi yofewa. Ino ndi yofiira. Muno satulukamo.

Kamchira anawauza za mtsikana uja. Anawauza za mapazi awiri. Anawauza za sukulu.

"Ndamva, mwanawe," anatero a Nkhanu. "Koma kunjaku kuli nsomba zanjala. Ndikatuluka, ndibisala kuti?"

Zinali zoona. Kamchira anapita pamwala wake. Anabweretsa chigoba choyamba. Chinali chaching'ono. Anabweretsa chachiwiri. Chinali chobooka. Anabweretsa chachitatu. A Nkhanu anati chikununkha.

Chinatsala chimodzi, chamawangamawanga chija. Kamchira anachigwira nthawi yaitali. Ankachikonda kuposa zonse. Mtima unamuwawa. Koma anakumbukira phazi lopanda kanthu lija. Anachiika pamchenga.

A Nkhanu anatuluka m'nsapato. Analowa m'chigoba cham'mbuyo. Chinawakwana ndendende. Anazungulira kawiri monyada. Anathokoza, n'kumapita.

Kamchira ananyamula nsapato. Udzu, kamba, tinsomba, mpaka pamwamba. Mtsikana uja anali pomwepo. Sanachoke.

Nsapato inali yonyowa, yodzaza mchenga. Mtsikanayo sanadandaule. Anakhuthula mchenga. Anavala yonyowa yomweyo. Anayenda pamatabwa osatsimphina. Kenako anavina, nsapato ikulira madzi.

Atatopa, anapisa m'thumba la diresi. Anatulutsa kansalu kamizeremizere, kooneka ngati kathumba. Anati imeneyo ndi sokosi. Amavala kuphazi. Inzake inasowa kalekale pochapa. Iye ankangosungiramo timiyala.

"Kwathu imodzi ilibe ntchito," anatero. "Koma iwe uli ndi mchira umodzi."

Kamchira anapinda zipsepse za mchira wake. Anavala sokosi ija. Inamukwana ndendende.

"Uyende bwino," anatero mtsikanayo.

"Ine sindiyenda."

"Chabwino. Usambire bwino."

Kunyumba Kamchira anafotokoza zonse. Amayi anagwira sokosi, n'kumwetulira. Anati kupatsa n'kuika. Khanda linaluma sokosiyo. Abambo anati za miyendo amazidziwa kalekale. Anati anthu a pamtunda ali ndi miyendo isanu ndi itatu, ngati a Nkhanu. Kamchira anati ndi iwiri. Abambo anapukusa mutu.

M'mawa mwake banja lonse linasambira kupita pamwamba. Mitu inayi inatuluka m'madzi.

Mtsikana uja anabwera pamlatho, atavala yunifolomu. Anali ndi chikwama kumsana. Kumapazi kunali nsapato zofiira, ziwiri, zouma bwino. Anakweza dzanja. Kamchira anakweza mchira, sokosi ili pomwepo.

Mtsikanayo anatembenuka. Anayamba kuthamangira kusukulu. Abambo anawerenga miyendo. Umodzi, iwiri. Anawerenganso. Umodzi, iwiri.

"Nanga sakugwa bwanji?" anafunsa Amayi.

Abambo anakanda kumutu. Anatsegula pakamwa. Anatsekanso.

"Mayi a Kamchira," anatero pomaliza, "izi ndiye sindikuzidziwa."

Kamchira anaseka mpaka anamira. Amayi anaseka. Ngakhale khanda linaseka, osadziwa chimene likuseka.