Kaiti ya Namaliya

Namaliya ankakhala ku Golomoti. Ankakhala ndi bambo ake, a Clement. Ankakhala ndi mayi ake, a Enifa. Analinso ndi mlongo wake wamng'ono, dzina lake Mwayi.

Namaliya ankafuna chinthu chimodzi chokha. Ankafuna kuti Ababa atuluke m'nyumba.

Kale Loweruka linali tsiku lokoma. Ababa ankatulutsa njinga. Mwayi ankakhala kutsogolo. Namaliya ankakhala pakaliyala. Amayi ankatsatira pambuyo, akuseka. Ankapita kukaonera mpira pabwalo la sukulu. Nthawi zina ankapita kusikimu kukaona akakowa m'minda ya mpunga.

Kenako kunagwa mvula yambiri. Mtsinje unadzaza. Tsiku lina Ababa ankawoloka pochokera kumunda. M'madzimo munali ng'ona. Ng'onayo inawagwira mwendo.

Anthu anamva kukuwa. Anathamanga ndi mitengo. Anawalanditsa Ababa. Anapita nawo kuchipatala ku Mua. Madokotala anapulumutsa moyo wawo. Koma mwendo sunapulumuke.

Ababa anabwerera kunyumba ndi mwendo umodzi.

Ababa anagona pamphasa m'chipinda. Chitseko chinali chotseka. Zenera linali lotseka. Ndodo zoyendera zinali pakona. Ababa sankazikhudza.

Amayi ankalowa ndi chakudya. Chakudyacho chinkatuluka momwe chinalowera. Ababa anayamba kuwonda. Njinga inangotsamira kukhoma. Matayala ake anaphwa.

Loweruka linafika. Namaliya anakumba timaenje pansi pa mtengo wa mango. Anatola timiyala. Kenako anagogoda pachitseko.

"Ababa, tiyeni tisewere bawo," anatero. "Ndakumba kale maenje."

 Ababa anangoyang'ana kukhoma.

Namaliya anadikira. Anadikira mpaka dzuwa linapendeka. Nkhuku zinabwera. Zinafukula bawo lonse.

Loweruka lina linafika. Amayi analowa m'chipinda. Anagwada pafupi ndi mphasa.

"Bambo a Namaliya, lero kuli mpira kusukulu," anatero Amayi. "Anawa akufuna apite nanu. Chonde, tiyeni."

 Ababa anati, "Ndipatseni ndodozo."

Namaliya anadzambatuka. Anathamanga kukatenga ndodo.

Anayenda pang'onopang'ono. Ababa ankatuluka thukuta. Atafika pabwalo, anthu anasiya kuonera mpira. Onse anayang'ana Ababa. Anayang'ana pamene panali mwendo.

"Kalanga ine, a Clement!" anatero mayi wina.

"Munthu wamphamvu ngati uja!" anatero bambo wina.

Ababa anaweramitsa mutu.

Mwadzidzidzi mpira unatuluka m'bwalo. Ana anauthamangira. Mmodzi anagunda ndodo ya Ababa. Ndodo inaterereka. Ababa anagwa pafumbi, khu!

Mnyamata wina anaseka. Anthu ena anabwera kudzawadzutsa. Fumbi linali kumaso. Fumbi linali pamalaya.

"Tiyeni kunyumba," anatero Ababa.

 Atafika, Ababa analowa m'chipinda. Anaponya ndodo pansi.

"Sindidzatulukanso," anatero. Ndipo anatseka chitseko.

Namaliya anapita kukhitchini. Anapeza Amayi atakhala pansi. Misozi inali m'masaya.

"Amayi, mukulira?" anafunsa Namaliya.

"Ayi, mwana wanga. Ndi utsi," anatero Amayi.

Namaliya anayang'ana pamafuwa. Panalibe moto.

Masiku anapita. Anthu anakolola mpunga. Kunayamba kuzizira. Mphepo ya mwera inayamba kuwomba. Ababa sanatuluke. Pakhomo panali zii. Ngakhale Mwayi ankayankhula monong'ona.

Loweruka lina Mwayi anayang'ana kumwamba. Anaona kaiti ya ana ena. Inali kutali, ikuvina ndi mphepo.

"Inenso ndikufuna kaiti," anatero Mwayi.

"Ndikupangira," anatero Namaliya.

Namaliya anali asanapangepo kaiti. Koma anayesa. Anatenga jumbo yabuluu. Anathyola bango. Anasolola ulusi pathumba lakale la feteleza. Anamanga apa. Anamanga apo.

"Taona, Mwayi!" anatero.

Namaliya anathamanga pabwalo la nyumba. Kaiti inazungulira, inazungulira. Kenako inagwa pansi.

Namaliya anathamanganso. Kaiti inazungulira, inazungulira. Inagwanso pansi.

Anayesanso. Ulendo uno inagwera paminga. Jumbo inang'ambika.

Mwayi anayamba kulira. Namaliya anafuna kumutonthoza. Koma sanathe. Anaponya kaiti pansi. Nayenso anayamba kulira.

"Zonse zaipa!" anakuwa Namaliya. "Kaiti yaipa! Loweruka laipa! Pakhomo pano paipa!"



"Namaliya."

Mawuwo anachokera kuzenera. Anali mawu otsika. Anali mawu a Ababa.

"Wawa, Ababa," anayankha Namaliya. Anapukuta misozi msanga. Ankaganiza kuti amukalipira.

"Kaiti yako ilibe mchira," anatero Ababa. "N'chifukwa chake ikugwa."

Namaliya anadabwa. "Mwaiona bwanji, Ababa?"

"Pazenera pano pali kampata," anatero Ababa. "Bwera nayo kuno."

Namaliya analowa m'chipinda. Anapereka kaiti ndi manja awiri. Ababa anaitembenuza. Anafunafuna mfundo ya ulusi. Sanaione.

"Muno muli mdima," anatero Ababa.

 Namaliya anangoima pomwepo.

Ababa anapuma mozama. "Kayale mphasa pakhonde," anatero.

Namaliya anayala mphasa. Anatola ndodo zija pansi. Ababa anadzuka movutikira. Anayenda mpaka pakhomo. Dzuwa linawathobwa m'maso. Anakhala pamphasa.

Amayi anali kupeta mpunga. Anaika lichero pansi. 

"Bango ili lalemera," anatero Ababa. "Ndipatse mpeni."

Ababa anang'amba bango pakati. Analipala mpaka linapepuka.  

"Mwayi, kafune jumbo ina," anatero Ababa.

Mwayi anathamanga. Anabwera ndi jumbo yofiira.

"Ika chala apa," anatero Ababa. Mwayi anaika chala. Ababa anamanga mfundo.

"Namaliya, solola ulusi wambiri. Uulumikize bwino." Namaliya anasolola. Analumikiza. Anakulunga ulusi pachitsononkho.

"Mayi a Namaliya, tikufuna mchira," anatero Ababa.

Amayi analowa m'nyumba. Anatuluka ndi chitenje chakale. Anang'amba kansalu kakatali, kwee! Ababa anamanga mchira.

Kaiti inatha. Inali yofiira. Inali yopepuka. Inali ndi mchira wamaluwamaluwa.

Ababa anayang'ana mitengo ya pakhomo. "Pano mphepo siyenda bwino," anatero. "Kaiti imafuna poyera. Pitani nayo kumunda. Mpunga anakolola kale."

Namaliya anapukusa mutu. "Sitipita tokha, Ababa."

"Pitani," anatero Ababa.

"Ine ndimatha kuthamanga," anatero Namaliya. "Koma sindidziwa kugwira ulusi. Ine ndithamanga. Inu mugwire ulusi."

Ababa anayang'ana pansi. "Anthu andiyang'ana," anatero motsika.

"Ayang'ana kumwamba, Ababa," anatero Namaliya. "Kaiti ikhala kumwamba."

 Mphepo inagwedeza mchira wa kaiti. Namaliya anadikira. Amayi anadikira. Mwayi anadikira.

Ababa anatambasula dzanja. Anatenga ndodo.

Anayenda pang'onopang'ono. Amayi anali kumanja. Namaliya anali kumanzere. Mwayi anatsogola ndi kaiti. Ababa akatopa, onse ankaima. Akapuma, onse ankayambanso.

M'njira anakumana ndi a Katerina, aneba awo. Anali atasenza mtolo wa nkhuni. 

"Mwaswera bwanji, a Clement?" anatero a Katerina.

"Ndaswera bwino, kaya inu?" anayankha Ababa.

"Bwinonso. Kaiti yokongola bwanji!" anatero a Katerina. Ndipo anapitirira ndi nkhuni zawo.

Anafika kumunda. Munda unali woyera, wopanda mtengo. Mphepo inkawomba ndithu. Ababa anakhala pachulu. Anagoneka ndodo pambali. Anagwira chitsononkho cha ulusi.

"Thamanga, Namaliya!" anatero.

Namaliya ananyamula kaiti m'mwamba. Anathamanga. Ziputu za mpunga zinkamubaya kumapazi. Iye sanaime.

"Isiye!" anakuwa Ababa.

Namaliya anaisiya. Kaiti inakwera pang'ono. Kenako inagwa.

"Itole," anatero Ababa. "Dikira mphepo. Dikira. Tsopano!"

Namaliya anathamanganso. Anaisiya. Ababa anakoka ulusi. Anaumasula. Anakokanso.

Kaiti inakwera. Inakwera kuposa chulu. Inakwera kuposa mbalame. Mchira wake unkavina.

"Yakwera! Yakwera!" anakuwa Mwayi, akudumphadumpha.

Ana ena anabwera akuthamanga. Amayi ena anaima panjira. Onse anaika manja pachipumi. Onse anayang'ana kumwamba.

"Bwera ugwire nane," Ababa anauza Namaliya.

Namaliya anagwira ulusi. Unkakoka ngati nsomba pambedza. Dzanja la Ababa linali pamwamba pa dzanja lake. Linali lofunda.

Mwadzidzidzi mphepo inawomba mwamphamvu. Ulusi unakungika. Kenako unaduka, thwa!

Kaiti inapita. Inapita kutali, cha kumapiri. Inachepa, inachepa. Kenako sinaonekenso.

Mwayi anatsegula pakamwa. Amayi anagwira pamtima. Namaliya anachita mantha. Mfundo imene inaduka anamanga ndi iye.

"Pepani, Ababa," anatero. "Sindinamange bwino."

Ababa anali atawerama. Mapewa awo ankagwedezeka. Namaliya anaganiza kuti akulira. Anagwada kuti awaone kumaso.

Ababa sankalira. Ankaseka.

"Yapita ku Dedza!" anatero Ababa. "Yapita osakwera minibasi!"

Mwayi anaseka. Amayi anaseka mpaka anakhala pansi. Namaliya nayenso anaseka. Anaseka misozi ili m'maso.

"Loweruka likubwerali tipanga ziwiri," anatero Ababa. "Ina ya ana. Ina ya mayi anu."

"Yanga?" anafunsa Amayi. "Nanga athamange nayo ndani?"

"Inuyo," anatero Ababa.

"Ine? Ndi msana wangawu?"

"Ndikuphunzitsani, Amayi," anatero Namaliya. "Tiyeni tiyese pompano."

Namaliya anagwira dzanja la Amayi. Mwayi anagwira linalo. Anathamanga nawo m'munda monse. Amayi ankakuwa kuti, "Pang'onopang'ono, ana inu!"

Ababa anali pachulu, akuomba m'manja.

"Thamangani, mayi a Namaliya!" anakuwa. "Thamangani!"