Munira ndi Mpira wa Majumbo

Uyu ndi Munira. Munira amakhala ku Rockville, ku Amerika. Amakhala ndi Amayi ndi Bambo, m'nyumba yosanja, pamwamba penipeni.

Munira ali ndi mchimwene wake. Dzina lake ndi Fahad. Koma Fahad sali ku Rockville. Fahad ali ku Balaka, kwa Azakhali. Mapepala ake a ulendo sanatulukebe.

Fahad akudikira. Amayi akudikira. Bambo akudikira. Munira nayenso akudikira.

Munira amafuna chinthu chimodzi chokha. Amafuna kusewera mpira ndi achimwene ake.

Tsiku lina madzulo, Munira ndi Amayi ankapinda majumbo kukhitchini. Amayi anali atangoweruka kuntchito. Miyendo inkawapweteka. Nsapato anali atavula.

"Pinda bwino," anatero Amayi. "Usandibwerezetse ntchito."

Amayi sataya jumbo. Amayi sataya chigubu. Amayi sataya botolo. Amatsuka, amayanika, amasunga.

"Tidzatumiza kwathu," amatero.

Koma zinthuzo sizipita kwawo. Zimangokhala. Pakhonde padzaza. M'kabati mwadzazanso.

Go, go, go! Wina anagogoda pachitseko. Anali a Felistas, a nyumba yoyandikana. A Felistas kwawo ndi ku Lusaka.

"Amake Fahad, mwamvela nkhani?" anafunsa a Felistas.

"Nkhani yanji? Ine ndangofika kumene."

"Eni nyumba akuti pakhonde pasakhale katundu. Tichotse manje manje. Akuti moto ukabuka tizathawila kuti?"

Amayi anaika jumbo pansi. Anayang'ana pakhonde.

"Ndiye nditaye? Zigubu zabwinobwino ngati izi?"

"Si kutaya iyai," anatero a Felistas. "Loweruka kusukulu kwa Munira kubwela malole. Batenga majumbo, mabotolo, manyuzi. Bazapangila vinthu vina vatsopano."

Amayi anapumira m'mwamba.

"Loweruka ndi tsiku langa lopuma," anatero. "Chabwino. Tipita."

Munira anamva zonse. Sanade nkhawa. Eni nyumba ananena za pakhonde. Sananene za m'kabati.

M'kabatimo munali chinsinsi cha Munira. Munali mpira.

Mpirawo sunali wogula kusitolo. Amene anaumanga ndi Fahad. Anaumanga ndi majumbo ndi chingwe. Anaupereka kwa Munira tsiku lokwera ndege.

"Usunge," anatero Fahad tsikulo. "Ndikadzabwera tidzasewera."

Nthawi ina Munira anapita nawo kubwalo losewerera. Mtsikana wina, dzina lake Rosina, anauwona. Anaseka.

"Umenewo si mpira," anatero Rosina m'Chingerezi. "Ndi zinyalala."

Munira anachita manyazi. Anathamangira kunyumba. Anabisa mpirawo m'jumbo yaikulu ya Amayi. Anaubisa pansi penipeni, pansi pa majumbo onse.

Akawasowa achimwene ake, Munira ankatsegula kabati. Ankapisa dzanja m'jumbo. Ankaugwira mpirawo. Kenako ankatseka kabati.

Loweruka linafika. M'mawa Munira anapita ku madirasa. Bambo anamutengera pa takisi yawo. Amayi ndi a Felistas anatsala akunyamula katundu.

Masana Munira anabwera. Pakhonde panali poyera. Munira anathamangira kukabati. Anatsegula.

M'kabati munalibe kanthu. Jumbo yaikulu panalibe. Mpira panalibe.

"Bambo," anatero Munira. "Tiyeni kusukulu. Tiyeni pompano."

Bambo sanafunse zambiri. Anatenga makiyi.

Kusukulu kunali anthu ambiri. Kunali malole aakulu. Kunali matebulo pabwalo loimikapo magalimoto. Mabotolo anali apa. Zitini zinali apo. Manyuzipepala anali uko. Majumbo anali m'matumba aakulu. Matumba onse anali ofanana.

Amayi anaima pafupi ndi galimoto ya a Felistas. Ankapukuta thukuta ndi mpango.

Munira anathamangira kwa Amayi. Anayamba kulankhula m'Chingerezi, mofulumira kwambiri.

"Chichewa, mwana iwe," anatero Amayi. "Mutu wanga watopa."

"Mwatenga jumbo ya m'kabati."

"Eee, ndatenga. Ine ndikayamba ntchito ndimamaliza."

"Munali mpira wa achimwene."

Amayi anasiya kupukuta thukuta.

"Unauika m'majumbo chifukwa chiyani?"

"Rosina ananena kuti ndi zinyalala."

Amayi sanakalipe. Anamugwira Munira dzanja.

"Kulira sikutsegula thumba," anatero. "Tiye."

Patebulo la majumbo panali bambo wina wachikulire. Dzina lawo linali a Thomas. Anavala magolovesi. M'manja anali ndi sizasi.

Amayi anawafunsa m'Chingerezi. Anasonyeza ndi manja kukula kwa mpirawo.

"Kanthu kozungulira?" anafunsa a Thomas. "Komangidwa ndi chingwe?"

"Eee," anatero Munira.

"Ndinakawona. Ndakamasula."

Munira anayang'ana sizasi ija.

"M'thumba ili mumalowa majumbo okha," anatero a Thomas. "Chingwe sichilowa. Nsalu siilowa. Ndiye ndinadula chingwe. Ndinasiyanitsa zonse."

A Thomas analoza. Majumbo a mpira anali m'thumba. Anasakanikirana ndi majumbo a anthu ena. Chingwe chinali m'bini, chiduswachiduswa. Patebulo panatsala kansalu kamodzi.

"Aka kanali m'kati penipeni," anatero a Thomas.

Kansaluko kanali kabuluu. Kanali kakale. M'mbali mwake munali ulusi woyera.

Amayi anakatola. Anakayang'ana nthawi yaitali.

"Ili ndi thumba la malaya a Fahad," anatero Amayi. "Malaya ake a sukulu. Linkang'ambika sabata iliyonse. Ndinkalisoka ndi ulusi woyera. Wabuluu ndinalibe."

Amayi anaika kansaluko pamphuno. Kankanunkhirabe fumbi la ku Balaka. Amayi anatembenuka. Anapukutanso kumaso ndi mpango.

"Dzuwa ili," anatero.

A Thomas anavula magolovesi.

"Pepa, mwana wanga," anatero. "Sindinadziwe kuti ndi mpira."

Munira analira. Analira mwakachetechete.

"Achimwene anati ndisunge," anatero. "Ndiwauza chiyani?"

"Uwauza zoona," anatero Amayi.

Amayi anatsegula chikwama. Anatulutsa khadi loimbira foni ku Malawi. Khadilo amalisunga mpaka Lamlungu. Lero silinali Lamlungu.

"Bambo ake a Fahad, bweretsani foni."

Bambo anapereka foni. Amayi anadina manambala ambirimbiri. Foni inaitana. Inaitananso. Ku Rockville kunali masana. Ku Balaka dzuwa linali kulowa.

Azakhali anayankha. Anaitana Fahad panja.

"Halo?" anatero Fahad. Mawu ake ankamveka kutali.

"Achimwene, ndine Munira."

"Chemwali! Koma lero si Lamlungu. Kwagwanji?"

"Mpira wanu wamasuka. Audula ndi sizasi. Changotsala ndi kansalu."

Fahad anamvetsera. Kenako anaseka.

"Basi? Ukulirira zimenezo?"

"Munati ndisunge."

"Mpira wa majumbo sufa, chemwali. Wanga umamasuka tsiku lililonse. Ukamasuka, umaumanganso. Majumbo aliko ku Amerika?"

Munira anayang'ana matumba aakulu aja. Anali ambirimbiri. Anaseka, misozi ili m'maso.

"Aliko," anatero.

"Ndiye khala pansi. Ndikuphunzitse."

Munira anakhala pansi. Bambo anamugwirira foni pakhutu. A Thomas anatsegula thumba. Anabweretsanso chingwe chomangira manyuzipepala.

"Yamba ndi kansalu," anatero Fahad. "Finya. Kakhale ngati dzira."

Munira anafinya.

"Ika m'jumbo. Potokola. Tembenuza. Kulunga."

Munira anapotokola. Anatembenuza. Anakulunga.

"Tenga jumbo ina. Potokola. Tembenuza. Kulunga."

Munira anatenga ina. Anatenganso ina. Mpira unakula ngati lalanje. Unakula ngati papaya.

"Ulimbe," anatero Fahad. "Mpira wofewa ndi wa makanda."

"Walimba, achimwene."

"Tsopano chingwe. Apa ndiye pali nzeru. Mvetsera bwino. Uyambe ndi..."

Tu, tu, tu. Foni inadula. Khadi linatha.

"Halo?" anatero Munira. "Achimwene? Halo?"

Palibe anayankha.

Munira anayesa kumanga yekha. Chingwe chinaterereka. Anayesanso. Chinatererekanso. Majumbo anayamba kumasuka.

"Ukuchita nacho ulemu chingwecho," anatero Amayi. "Bweretsa kuno."

Amayi anamanga mpango m'chiuno. Anakhala pansi, pomwepo pabwalo. Anapana mpira ndi mawondo.

"Iwe ika chala apa. Usachotse."

Munira anaika chala. Amayi anazunguliza chingwe. Anapisa pansi. Anakoka. Anazungulizanso. Anapisa. Anakoka. Chingwe chinayamba kuoneka ngati ukonde.

"Tsopano iwe," anatero Amayi.

Munira anazunguliza. Anapisa. Anakoka. Mfundo yomaliza anamanga yekha.

"Amayi, munaphunzira kuti?"

"Ukuganiza kuti Fahad anamuphunzitsa ndani? Ine ndinkasewera fulaye ndisanakhale mayi wa munthu."

"Fulaye ndi chiyani?"

"Ana a kuno," anatero a Felistas, akupukusa mutu. "Amake Fahad, muwonetseni."

"Miyendo yanga yatopa," anatero Amayi.

Koma anaimirira. Anavula nsapato. A Felistas anaima uku. Bambo anaima uko. Amayi analowa pakati.

"Amene wagendedwa ndi mpira watuluka," anatero Amayi. "Ponyani."

A Felistas anaponya. Amayi anazinda. Bambo anaponya. Amayi anadumpha. Mpira unawomba a Felistas pamimba.

"Iwe, ba Wahab, mufuna kunipaya?" anatero a Felistas kwa Bambo.

Anthu onse anaseka. Munira analowa pakati. Anazinda. Anadumpha. Mpira sunamasuke.

Ana ena anabwera kudzaonera. Rosina analinso pomwepo. Anabweretsa mabotolo ndi agogo ake. Anaima patali pang'ono.

"Ndingasewere nawo?" anafunsa Rosina.

Munira anaganiza. Anayang'ana mpira wake.

"Uwu ndi wa achimwene anga," anatero. "Koma ndikuphunzitsa kumanga wako."

A Thomas anatsegulanso thumba. Ana anakhala pansi. Munira anaima kutsogolo.

"Potokola," anatero Munira m'Chichewa. "Tembenuza. Kulunga."

"Potokola," anatero ana aja. Malilime awo ankapindika. Amayi anaseka mpaka anagwira tebulo.

Madzulo malole ananyamuka. Anatenga mabotolo. Anatenga zitini. Anatenga zigubu zonse za Amayi. Amayi anaziyang'ana mpaka lole inakhota.

"Zinali zigubu zabwino," anatero.

Anafika kunyumba. Pakhonde panali malo okhala. Munira sanabise mpira m'kabati. Anauika pawindo. Aliyense wodutsa pansi akanatha kuuwona.

M'bafa munatsala majumbo ena. M'mawa anali asanaume, ndiye Amayi anawasiya. Tsopano anali atauma. Amayi anawabweretsa kukhitchini.

"Bwera," anatero Amayi. "Ntchito ija sinathe."

Munira anakhala pansi. Anapinda jumbo. Anaiika kumanja. Anapinda ina. Anaiika kumanzere.

"Milu iwiri ya chiyani?" anafunsa Amayi.

"Awa ndi a malole. Awa ndi a achimwene. Akadzabwera tidzamange mpira waukulu."

"Akwane m'jumbo imodzi yokha," anatero Amayi. "Osati kabati yonse. Wamva?"

"Ndamva. Amayi, achimwene adzabwera liti?"

"Mapepala akatuluka."

"Adzatuluka liti?"

Amayi anapisa dzanja m'majumbo. Anasankha jumbo yolimba, yopanda chibowo. Anaiwongola ndi dzanja. Anaiika pamulu wa Fahad.

"Pinda bwino," anatero.

Munira anatenga jumbo ina. Majumbo anali adakali ambiri.