Amake Modester

"Amayi, kodi inu ndinu amayi a Pitala yekha?"

Modester ndiye anafunsa funso limeneli. Anali mwana wa ku Chikweo. Masiku amenewo dziko lathu linkatchedwa Nyasalande.

Amayi sanamve. Ankathamangira Pitala.

Pitala anali mlongo wake wamng'ono wa Modester. Anali ndi zaka zisanu, koma sankalankhula. Sankayang'ana munthu m'maso. Phokoso linkamupweteka. Lole ya thonje ikalira, ankatseka makutu n'kuthawa.

Pitala ankakonda chinthu chimodzi. Chinali chivundikiro cha chitini. Ankachizunguza pansi ngati nguli. Chikamazungulira, mtima wake unkakhala m'malo.

Abambo anali kutali, ku Halale, kuntchito. Amayi ankalera ana okha.

Kwathu kuno, mayi amatchedwa ndi dzina la mwana woyamba. Woyamba anali Modester. Kale anthu ankati, "Amake Modester." Tsopano dzinalo linasowa.

"Amake Pitala, mwana wanu ali kuchitsime."

"Amake Pitala, mwana wanu ali m'munda wa chinangwa."

M'mawa, amake Pitala. Masana, amake Pitala. Modester ankamva. Mtima unkamuwawa.

Loweruka lina, amayi anayamba kumuluka tsitsi. Modester anakhala pakati pa miyendo yawo. Manja a amayi anali ofunda. Modester anatsinzina.

Kenaka mawu anamveka kumsewu. "Amake Pitala, mwana uja akulowera kudambo."

Amayi anadzuka. Anasiya chipeso m'mutu mwa Modester. Mbali imodzi inali yoluka. Mbali ina inali yosaluka. Anabwera ndi Pitala dzuwa litapendeka. Anali otopa. Tsitsi anaiwala.

Lamulungu, Modester anapita kutchalitchi atamanga duku. Duku linagwa. Mnzake Janet anaona, naseka.

"Munda wako alima theka. Kodi khasu linathyoka?"

Ana onse anaseka. Modester sanaseke.

Atafika kunyumba, anapeza Pitala pakhonde. Chivundikiro chinkazungulira. Amayi anakhala pafupi, akumuyang'ana. Modester anaima. Amayi sanamuone.

Pitala atagona tulo, Modester anatenga chivundikiro. Anakachibisa m'nkhokwe, pansi pa chimanga.

Pitala anadzuka. Anafuna pakhonde. Anafuna pansi pa mphasa. Sanachipeze. Anayamba kulira. Anagwedera uku ndi uku. Anakana chakudya. Anamenyetsa mutu kukhoma.

Amayi anamukulunga m'nsalu zolimba. Anamufungatira. Anamuimbira motsitsa. Dzuwa linalowa, iwo adakamufungatira. Kunja kunacha, Pitala adakalira.

Modester ankaganiza kuti asangalala. Koma sanasangalale. Anakakhala kuseri kwa nyumba, yekha.

Pafupi ndi mpanda panali nyumba ya Abiti Swaibu. Iwo anali anansi awo. Ankasenda chinangwa panja. Anaona mutu woluka theka. Anaona misozi.

Anamuitana Modester. Anamupatsa chinangwa chootcha. Sanafulumire kufunsa. Modester atadya, anayamba yekha kuwafotokozera. Anati amayi si akenso. Anati ngakhale dzina lawo Pitala anatenga.

Abiti Swaibu anamva zonse. Kenaka anaika mpeni pansi. Anapita kumpanda. Amayi anali pakhonde, Pitala ali pamiyendo.

"Amake Modester," anaitana Abiti.

Amayi sanacheuke.

"Amake Modester."

Amayi anayang'ana kumsewu. Ankayesa akuitana munthu wina.

"Amake Modester, ndikuitana inuyo."

Apo amayi anacheuka. Anagwira pakamwa. Anali ataiwala dzina lawo lomwe.

Anaona Modester kumbuyo kwa Abiti. Anaona mbali yoluka. Anaona mbali yosaluka. Misozi inalengeza m'maso mwawo.

"Bwera kuno, mwana wanga woyamba."

Modester sanabwere msanga. Anathamangira kunkhokwe. Anakwera. Anafukula chimanga. Anabwera ndi chivundikiro m'manja. Anayang'ana pansi.

Amayi anaona chivundikiro. Anaona Modester. Sanakalipe. Anati Pitala ali ndi mantha ambiri, ndipo alibe mawu owauzira anthu. N'chifukwa chake amamuthamangira. Koma anati nawonso analakwa. Mwana wosalira mokweza nayenso amafuna amake.

Modester anagwada. Anaika chivundikiro pansi. Anachizunguza. Chinagwa. Anachizunguzanso. Chinagwanso.

Pitala analeka kulira. Anatsika pamiyendo ya amayi. Sanamuyang'ane Modester m'maso. Koma anagwira dzanja lake. Anapinda zala zake, chimodzichimodzi. Anamuonetsa kagwiridwe kake.

Chivundikiro chinazungulira. Chinazungulira, chinazungulira.

Pitala anaomba m'manja. Modester anaseka.

Abiti Swaibu anabweretsa lichero lawo la chinangwa. Anakhala pafupi ndi Pitala. Sanamugwire. Sanamulankhule. Anangopitiriza kusenda. Pitala sanathawe.

Miyendo ya amayi inali yopanda munthu. Modester anakhala pakati pake. Amayi anatenga chipeso. Analuka mzere umodzi. Analuka wina. Palibe anaitana kumsewu. Mbali yosaluka ija inatha.

Modester anagwira mutu wake. Anafunsa ngati Janet angasekenso.

"Iyayi," anatero amayi. "Ukamuuze kuti khasu lapezeka."

Abiti Swaibu anaseka mpaka kutsokomola. Kenaka anakung'untha lichero, naimirira.

"Amake Modester, Loweruka lililonse Pitala azikhala ndi ine. Abwere ndi chivundikiro chake. Inu muziluka tsitsi mpaka lithe."

"Zikomo, Abiti," anatero amayi. "Ndipo Lachisanu, mukapita kumzikiti, mbuzi zanu tiziona ife."

"Ndalonjeza, amake Modester."

"Inenso ndalonjeza."