Kamphaka ka M'chipewa

Anthu a mumsewu uja amawatchulabe kuti Anamwino, ngakhale ntchitoyo anapuma kalekale. Anagwira zaka makumi atatu mu wodi ya amayi, ndipo ankanena okha, osafunsidwa, kuti palibe khanda limene linakanapo kuyamwa lili m'manja mwawo. Koma nkhani ya kamphaka iyi sakonda kuikamba. Amene amaikamba ndi amuna awo, Adalaivala, ndipo nawonso amayamba ayang'ana kukhomo.

Linali tsiku la mvumbi. Madzulo Adalaivala anafika kuchokera ku galaja kumene ankasungako lole, mutu uli pamtunda, chipewa atachifumbata pachifuwa.

"Chipewa chatopa nalo dazi lanulo?" anafunsa Anamwino.

Adalaivala sanaseke. Anaika chipewacho patebulo. M'katimo munali kamphaka kotuwa, kochepa ngati sopo wotsala pang'ono kutha. Maso anali asanatseguke, mchombo usanagwe.

"Ndakapeza kuseri kwa matayala."

"Nanga mayi ake?"

"Sindinamuone," anatero akumasula zingwe za nsapato.

Anamwino ankadziwa kuti bamboyu akamalankhula ndi nsapato ndiye kuti pali chimene akubisa. Koma kamphakako kanali kulira, ndipo kwa iwo kulira kwa khanda kunali ndi mphamvu kuposa bodza la mwamuna.

Anasamba m'manja mpaka m'zigongono, monga kuntchito. Anawiritsa madzi, kusungunula mkaka, n'kutulutsa m'kabokosi kawo kakale jakisoni wopanda singano. Anakakulunga kamphakako m'kathaulo, n'kukagoneka chagada padzanja, mutu uli m'mwamba pang'ono, monga anagonekera ana osawerengeka. Anadontheza mkaka pakamwa. Kamphaka kanatembenuza mutu. Anadonthezanso. Kanatsamwa, mkaka n'kutulukira m'mphuno.

Anayesanso patapita ola. Anayesa ndi chala chopaka shuga, anayesa ndi kansonga ka nsalu. Kamphaka kanakana zonse.

"Bwanji osakafunsa amayi a nyumba yachitatu aja?" anatero Adalaivala. "Amaweta amphaka."

"Ine ndikafunse munthu kayamwitsidwe ka mwana?"

"Safunsa anadya phula, mayi."

"Kagoneni, bambo. Mawa muli ndi ulendo."

Adalaivala anapita kukagona, koma pakhomo la kuchipinda anaima kanthawi, akuyang'ana chipewa chawo chili patebulo.

Usiku unakula. Kulira kwa kamphaka kunayamba kuchepa. Poyamba kankalira mokuwa, kenaka mosasa, kenaka kankangoyasama popanda mawu. Anamwino ankakudziwa kukhala chete kumeneko. Anakumvapo mu wodi, ndipo ankadziwa chimene chimatsatira. Mantha anawagwira, pamodzi ndi manyazi. Manja amene ankawanyadira aja anali kulephera kanthu kokwana m'chipewa.

Cha m'ma wani koloko magetsi anathima. Anayatsa kandulo. Mvula inali italeka, kunja kuli zii.

Kenaka kunamveka kugogoda.

Sikunali kugogoda kwa munthu woimirira. Kunamveka m'munsi mwa chitseko, cha pamene pamafika bondo. Katatu, pang'onopang'ono.

Anamwino anaumitsa thupi. Kuchipinda Adalaivala anali kuliza mkonono.

"Ndani?"

"Odi, mayi." Anali mawu a mzimayi, otsika, otopa. "Mwana sakudya."

Palibe amene ankadziwa za kamphakako. Makatani anali otseka. Mtima wawo unawauza kuti asatsekule. Koma mu wodi muja anali ndi lamulo lawolawo, limene ankakalipira nalo alonda ndi anamwino achitsikana: mayi wogogoda usiku sabwezedwa. Anayang'ana kathaulo kaja. Sikankagwedezekanso. Anatsekula.

Pakhomo panaima mzimayi wamng'ono thupi, woonda, wovala diresi lotuwa. M'tsitsi mwake munali dothi. Khutu lakumanzere linali long'ambika, bala lakalekale. Analowa osauzidwa, akukoka mwendo umodzi, ndipo anaima pafupi ndi chitseko pamene kuwala kwa kandulo kunkathera. Kutsogolo kwa diresi lake kunali konyowa. Sinali mvula. Anamwino ankalidziwa fungo la mayi woyamwitsa.

"Mwavulala, mwana wanga. Khalani pansi ndione mwendowo."

"Mwendo usiyeni. Kamwanako kazizira. Kozizira sikadya. Kachotseni m'nsalumo, mukaike pachifuwa panu."

"Bwerani mukanyamule nokha."

"Sindingathe," anatero mzimayiyo. "Ndazizira kuposa kameneko."

Anamwino sanafunsenso. Anamasula mabatani, n'kukalowetsa kamphaka m'malaya, khungu kukhudza khungu. Kanali kozizira ngati supuni. Anadzitukwana mumtima. Izi ankaziphunzitsa okha kwa amayi a ana obadwa masiku asanakwane, koma usiku umenewu maganizo onse anathera pa mkaka.

Anakhala choncho nthawi yaitali, wina pampando, wina chiimire.  Kandulo inkatsika. Kamodzi kokha Anamwino anakweza maso, ndipo lawi linagunda m'maso mwa mlendoyo. Anawala mobiriwira. Sanali kuphethira. Kuyambira pamenepo Anamwino ankangoyang'ana patebulo.

Kenaka pachifuwa pawo panayenda kanthu. Timiyendo tinakanda. Kunamveka kulira kakang'ono.

Anakatulutsa msanga, n'kuyamba kukagoneka chagada padzanja.

"Ayi."

Mawuwo anamveka pafupi kwambiri, kuseri kwa phewa lawo. Sanamve kuti mlendoyo wasuntha liti.

"Si mwana wa munthu ameneyo. Mukapha. Kagonekeni chafufumimba, timiyendo tipeze pokankha."

Zaka makumi atatu, palibe amene anawakonzapo kagwiridwe ka khanda. Anakatembenuza. Anakagoneka pathaulo, mimba pansi, mutu patsogolo.

"Musanakapatse, kapukuteni kunsi kwa mchira ndi kansalu konyowa, kofunda. Pang'onopang'ono, ngati lilime."

Anachita momwemo. Kamphaka kanakodza timadontho tiwiri tachikasu. Anaika nsonga ya jakisoni pakamwa, osakankha. Kamphaka kananunkhiza. Kanatembenuza mutu, kanabwerera. Kenaka kanagwira. Timakutu tinayamba kugwedezeka, timiyendo tikukankha chala cha Anamwino, mkaka n'kumatsika mzere ndi mzere.

Misozi inatsika yokha. Anamwino sanaipukute, poopa kusuntha dzanja. Kumbuyo kwawo kunkamveka phokoso lotsika, lonjenjemera, lochokera m'khosi, limene munthu sangalitulutse.

"Musakasiye kagone nthawi yaitali," anatero mzimayiyo. "Muzikadzutsa."  "Bambo aja musawakalipire. Ndinalowa ndekha kunsi kwa lole, kunali kofunda. Koma anafulumira kuchoka. Sanayang'ane m'tayala linalo."

Chitseko chinalira. Anamwino anamva mwendo uja ukukokedwa pasimenti ya pakhonde, kenaka pamiyala ya panjira. Pofika kugeti, phokosolo linali litapepuka, ngati la kanthu kakang'ono koyenda ndi miyendo itatu. Geti silinatsekulidwe.

Anakhoma chitseko ndi dzanja limodzi. Sanagone. Anakadyetsa kamphaka kawiri kusanache.

M'bandakucha Adalaivala anatuluka kuchipinda akuyasamula. Anapeza akazi awo ali pampando pomwe anawasiya, kamphaka kali m'malaya, kamimba kali tantha.

"Kadya? Ndinadziwa ine kuti manja amenewo..."

"Mphaka munamuponda ndi lole uja," anatero Anamwino, "khutu long'ambika linali liti?"

Adalaivala anakhala pansi osayang'ana ngati pali mpando.

"Lakumanzere," anatero. "Ndinkabwerera m'mbuyo. Sindinamuone, mayi. Ndinamukwirira kuseri kwa galaja, pamwamba n'kuikapo tayala la lole kuti agalu asafukule. Wakuuzani ndani?"

Asanayankhidwe, panja panamveka kulira. Kakang'ono, kokuwa, pansi penipeni pa chitseko.

Anayang'anana. Anali Anamwino amene anaimirira.

Pachopondera cha pakhomo panali kamphaka kena, kakuda, maso osatseguka. Kumbuyo kwa khosi lake kunali konyowa, ubweya utaima pamene pananyamulidwira, ndipo pamenepo panali patamatirira dothi lonunkha oyilo. Kuchokera ku galaja kufika panyumbapo ndi ulendo wa ola lathunthu, kudutsa msewu waukulu ndi mlatho.

Nkhani inazungulira msewu wonse dzuwa lisanakwere. Amayi a nyumba yachitatu aja ananena kuti mphaka wina aliyense woyamwitsa akhoza kunyamula mwana wa mnzake, palibe chodabwitsa. Koma ananena mawuwo chonong'ona. Mlonda wa ku galaja anauza Adalaivala kuti tayala lija analipeza litasunthidwa, tayala limene amuna awiri amalikankha akubuula. Sanafune kusuzumira m'dzenjemo, ndipo Adalaivala sanamukakamize. M'matayala monse anafufuza, osapezamo kanthu.

Madzulo a tsiku limenelo Anamwino anali kudyetsa timphaka tiwiri, chafufumimba, kamodzikamodzi. Adalaivala anali kuwagwirira kandulo, ngakhale magetsi anali atayaka.

"Bambo," anatero Anamwino, "ana ake analipo angati?"

"Sindinawerenge."

Anamwino anagwedeza mutu. Anapinda kathaulo kachitatu n'kukaika pafupi ndi botolo la madzi ofunda. Adalaivala atapita kukakhoma chitseko, anamva mawu a akazi awo kumbuyo kwawo.

"Chisiyeni. Mwendo uja ukumuvuta, asachite kudikira panja."